Nyenyezi za Apongozi

Ine ntchito ya kunazale ndinaipeza chifukwa cha apongozi anga aamuna. Iwo anali atagwira zaka zambirimbiri pa nazale ya mitengo ya zipatso ija, kufupi ndi pa Boma, ndipo nditangolowa chikamwini kwawo anakandipemphera ntchito kwa abwana. Ndiye tangoganizani: kunyumba ndine mkamwini, kuntchito ndine mkamwini. Ngakhale kutsokomola ndinkayamba ndaona kaye komwe ali.

Chaka china abwana anaitana mayi wina wa ku Blantyre kuti adzatiphunzitse kumezanitsa manachesi pa timitengo ta mandimu. Tsiku loyamba anayankhula yekha mpaka mawu kusasa. Ife tinangokhala pa mabenchi n'kumagwedeza mitu, ena kugwedeza mpaka kuwodzera. Atafunsa ngati pali funso, tinafunsa za nthawi yopuma.

Koma mayiyo sanali wogona. M'mawa mwake anakhoma bolodi pa mtengo wa mango n'kulembapo maina athu, aliyense n'kumupatsa mzere wake wa machubu a mbande. Anati kamtengo komezanitsa kakaphuka, mwini mzere alandira nyenyezi imodzi pa bolodi, ndipo iye azibwera pakatha milungu iwiri iliyonse kudzawerenga. Wopambana adzavala chipewa chofiira cha ukatswiri.

Ha! Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, kulimbirana nyenyezi za choko! Amene ankafika dzuwa litakwera anayamba kulawirira. Wina anayamba kunyengerera timitengo take ngati ana. Ine ndiye musanene, chipewa chija ndinkachita kuchilota.

Dzanja langa linali labwino, sindibisa. Pa kuwerenga koyamba ndinali pamwamba. Ndinamwetulira mpaka maso anga anatsika n'kufika pansi penipeni pa bolodi. Pamenepo panali dzina la apongozi, nyenyezi ziwiri zokha. Manja awo anali atayamba kunjenjemera, pomwe kumezanitsa kumafuna kuti mabala awiri akumane ndendende. Anayang'ana bolodiyo, n'kutembenuka kukathirira mbande. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinachita mantha. Mkamwini pamwamba, apongozi pansi, odutsa onse akuwerenga! Abwana nawo anali atayamba kale kunena zoti anthu ena akalamba.

Mkazi wanga sanazungulire ayi. "Bambo sakudya," anatero. "Inu ndi chipewa chanucho mukachivalira kwanu."

Ndinamva. Lolemba ndinalawirira kuposa onse. Machubu amafanana, eti? Ndinanyamula anga asanu ophuka bwino n'kukaika mu mzere wa apongozi, awo ouma n'kubwera nawo kwanga. Mlungu wotsatira, asanu ena. Vuto langa n'loti ndikayamba chinthu sindidziwa polekera. Ndinkafuna kungowafikitsa pakati basi, koma zinandikomera. Pofika kuwerenga komaliza apongozi anali pamwamba, ine ndili kunsi kwa mlonda yemwe ankangoyesa nawo mocheza.

Mayi wophunzitsa uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Achimwene, kodi dzanja lija lapita kuti?"

Ndinati nyamakazi.

Tsikulo abwana anali ataitana alimi a ku Luwani kuti adzaonerere. Apongozi anavekedwa chipewa, anthu n'kuwomba m'manja, ine n'kuwomba kuposa onse. Kenaka mayi uja anaika mpeni ndi kamtengo patebulo.

"Tsopano katswiri wathu atisonyeze tonse momwe amachitira."

Mayo ine! Zimenezi sanatiuze poyamba. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi ndinali nditachiitana ndekha. Ndinaona kale manja aja akunjenjemera pamaso pa alendo, abwana akugwedeza mutu, manyazi onse ndawatengera ine.

Apongozi anaimirira pang'onopang'ono n'kukonza chipewa chawo. Mpeni uja anangouyang'ana, osaugwira.

"Kwathu kuno," anatero, "munthu wamkulu sagwira mpeni mkamwini ali pomwepo. Akamwini, tabwerani. Ndinu muli pansi pa bolodi, ndinu woyenera kuphunzira."

Anthu anafa nalo phwete. Ndinapita chowerama n'kutenga mpeni. Apa ndiye anandigwira pabwino.

"Osadula pamenepo! Kodi maso muli nawo? Nthambi imeneyo ndi yanthete, iuma mawa lomwe. Tengani iyo yokhwima, ya mtengo womwe unabereka bwino chaka chatha. Mwapukuta mpeni? Ana a masiku ano!"

Ndinkangoti, "Inde bambo, chabwino bambo," thukuta lili kamukamu. Chondiwawa n'chakuti ankanena zoona. Ine ndinkadziwa kudula basi. Iwo ankadziwa mtengo uliwonse wa pamalopo, wotsekemera ndi wowawasa, wopirira chilala ndi wosachedwa kudwala. Alimi aja anawaunjirira ndi mafunso mpaka dzuwa kupendeka, abwana ali kukamwa yasa.

Mkamwini sayenda limodzi ndi apongozi, choncho pobwerera ndinatsalira m'mbuyo monga mwa masiku onse. Koma pa kamtsinje ndinawapeza ataima, akundidikira.

"Akamwini," anatero akuyang'ana kumbali, "pulasitiki ya pomezanitsa mumamangira chakumanzere. Nazale yonse ija ndinu nokha."

Ndinadziwa kuti machubu ndinasamutsa aja andiulula.

"Ndinaona tsiku loyamba lomwelo. Ndinkangofuna ndione kuti mufika nazo pati."

"Pepani, bambo."

"Pepani wa chiyani? Mwezi wamawa ndikapempha kupuma. Manjawa atopa. Ndikakhalitsa mudzasamutsa mzere wanu wonse, mwana wanga adzadya chiyani?"

Ndinafuna kuseka, koma zomwe zinabwera ndi misozi. Ndinawakonda mdala amene uja, ngakhale sindinawauzepo.

Anapumadi okha, asanauzidwe ndi munthu. Ine abwana anandibweza pa benchi kukayambiranso maphunziro onse pamodzi ndi olembedwa kumene, ndipo sindinadandaule ngakhale tsiku limodzi.