Miyendo ya Matayala Atatu

Amisiri okonza njinga amene ndimayandikana nawo nyumba kuno ku Mongue anapuwala miyendo ali mwana. Amayendera njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja, yomwe anailumikiza okha. M'mawa uliwonse amayamba kuipukuta asanasambe n'kumaso komwe. Wina akaigwira osapempha, amangoti, "Iwe, ukundigwira mwendo."

Mawuwa ndinkawayesa nthabwala mpaka tsiku la chikondwerero cha parishi yathu. Ine ndinali m'gulu la odzipereka olandira alendo, ndipo ndinkafunitsitsa kuti anthu aone kuti ndikugwira ntchito. Nditawaona amisiri aja ataima ndi njinga yawo pamwamba pa mtsetse wa kuseri kwa tchalitchi, ndinaganiza kuti atopa. Sindinafunse. Ndinangofika kumbuyo n'kukankha.

Chonsecho anaima dala, akumanga waya wa buleki amene anaduka. Njinga inatsetsereka kulunjika pa ana a kwaya amene anali pamzere. Ndinakuwa, manja kumutu. Amisiriwo anangokhotetsa chiwongolero, njinga n'kukaima pa mulu wa mchenga womangira. Palibe amene anavulala.

Ndinawathamangira. "Pepani bambo, mwapweteka?"

Anasasa mchenga pa malaya, nayang'ana tayala lakutsogolo, kenako ine. Apo mpamene anaseka, mtima wanga n'kukhala pansi.

"Laurinda mwana wanga, mtima uli nawo wabwino, koma manja ako amathamanga kuposa pakamwa. Ukanandifunsa, ndikanakutuma pulayala yomangira wayayu."

Pulayalayo ndinakatenga ndithu, chothamanga.