Phazi lakumanja la Kaputeni

Mdzukulu wanga sanakwerepo ndege, koma palibe amene amaidziwa ngati iyeyo, ndipo wotsutsa abwere adzandipeze. Ndinamulera ndekha mayi ake atamwalira. Amalume ake ankamutchula Kaputeni pomuseka, dzina n'kukhala lomwelo.

Mayeso olemba a kusukulu ya oyendetsa ndege anakhoza onse. Chinamugwetsa ndi maso: dokotala anati sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Sukulu yomweyo inamulemba ntchito yokonza ndege yoyerekeza yophunzirira, kachipinda ka mpando umodzi, mawindo ake ali makanema a kompyuta.

Tsiku lina ananditengera kumeneko, n'kundikhazika pampandopo. Atayatsa, msewu wa ndege unaoneka kutsogolo, injini inalira, ndege n'kuyamba kukhotera kumanzere yokha.

"Amuna anga, chinthu chanuchi n'chowonongeka," ndinatero.

"Akazi anga, pamenepo ndiye pagona ntchito yanga," anaseka. "Pulopela, chozungulira cha kumphunochi, ikamazungulira kumanja, ndege yonse imakankhidwira kumanzere. Yeniyeni imatero. Pondani chopondera chakumanjacho."

Ndinaponda, ndege n'kuwongoka. Anati zinamutengera zaka kuti kukoka kumeneko kufanane ndi kwenikweni, kuti kuzikula injini ikakalipa, kuzichepa ikafatsa. Ndege ina ya pulopela yozungulira kumanzere anaiphunzitsa kukokera kumanja. Ophunzira akakaulutsa ndege zenizeni ankabwera kudzamuuza kuti n'chimodzimodzi, iye n'kumawafunsa mafunso mpaka atatopa naye. Amenewo ndiwo anali maulendo ake. Ngakhale tili patebulo tikudya, phazi lakumanja linkangoponda pansi lokha, nsapato ya mbali imeneyo n'kumatha msanga.

Kenako sukulu ija inatsekedwa. Makinawo anagulidwa ndi mwini malo a masewera a ana pafupi ndi masitolo, Kaputeni n'kutengedwa ngati basela. Pasanapite nthawi bwanayo anati ana akulira, ndege ikumawataya mu udzu, kukokako achotse.

Anabwera kunyumba n'kukhala pakhonde osavula nsapato.

"Ukakane," ndinamuuza. "Banja lathu lino sitiphunzitsa ana bodza."

"Agogo, ndikakana, mwana wanga adzadya ndege? Nanga mankhwala anu a mtima aja?"

Sananditchule akazi anga.

Anachotsadi. Akuti sizinavute n'komwe, manambala ochepa chabe kuwasandutsa ziro. Tsopano ndege imayenda mowongoka ngati sitima panjanji, ana amawomba m'manja, iye amaima pakhomo kung'amba matikiti ndi kupukuta mpando. Anzanga akandifunsa ndimati amagwira ntchito ya ndege, ndipo ndimawayang'ana m'maso mpaka iwo atazolika.

Dzulo tikudya ndinagwetsa supuni dala kuti ndisuzumire pansi pa tebulo. Mapazi ake onse awiri anali phee, ogundana bwinobwino, ngati a mlendo.