Chala cha Ababa pa Pasaka

Chaka chimene ndinali Fomu Thuu, Pasaka inafika fodya asanathe kumunda. Nditabwera kwathu ku Chulu patchuthi, ndinapeza chigafa chadzaza, ababa akuthyolabe masamba akumwamba.

Lamulungu la Pasakalo ankabatiza mwana wa achimwene anga. Mwanayo anabadwa iwo atapita kale ku Joni, ndiye anali asanamunyamulepo. Foni imene anatumizira alamu anga, amake mwanayo, inaperekedwa kwa ine poti ndine wa sukulu. Achimwene anandiimbira.

"Mlongo wanga, ujambule zonse. Koma chimodzi usaiwale: ababa atanyamula mwana. Chimenecho ndiye ndikuchifuna."

Ntchitoyo ndinaikonda. Ine pagulu ndimasowa poika maso, tsono foni inandipatsa pobisala.

Titabwera kutchalitchi ndinayamba. Koma kwathu munthu wamkulu ukamuloza ndi foni amadula kuseka, n'kuwongola khosi, manja m'mbali, ngati akujambulitsa chitupa. Amalume anali akuseka mpaka misozi, koma atandiona anati, "Dikira ndivale jekete." Amayi nawo anandinong'oneza kuti ndisajambule alendo akudya.

Ababa vuto lawo linali manja. Utomoni wa fodya ukamata umada bii, umalowa m'ming'alu ya zala ndi m'zikhadabo, sopo sautha. M'mawa umenewo anakhula ndi chitsononkho mpaka kutopa. Pachithunzi chilichonse manjawo anali kumbuyo.

Ndinawapeza atakhala pampando mumthunzi wa chigafa. Ndinagwada.

"Ababa, achimwene ati mumunyamule mwana ndikujambuleni."

"Ndi manja awa? Diresi loyera mbee chonchija? Amake andisumira."

"Pang'ono pokha, ababa."

"Jambula amako. Ine ndiimirira kumbuyo, ndioneka ndithu."

Kuumiriza sindinathe. Ndinangoyamba kuwazungulira chapatali, foni m'manja, kudikira mwayi. Akandiona, manja kumbuyo. Mpunga wanga unazizira pamphasa, nkhuku n'kumauyendera. Amayi a m'mudzi anayamba chimtali pabwalo, koma ine nyimbo sindinkaimva. Ndinkangoyang'ana batire likutsika, ndikuganiza za achimwene ali okha kutali, akudikira.

Amene anandigwira anali azakhali, mlongo wawo wa ababa, munthu wosasunga mawu m'kamwa.

"Iwe, wabwera kuubatizo kapena ndiwe mtolankhani?"

"Ndikujambula, azakhali."

"Wajambula zakwana. Ukatumiza chiyani ku Joni, anthu oima ngati mitengo ya chigafa?"

Anandilanda foni, n'kuisomeka m'chiuno mwanga momwe ndinamangira chitenje, n'kundikokera m'bwalo. Kenaka anapita kwa alamu anga.

"Nawenso dzuka. Mwini tsiku angokhala?"

"Nanga mwana, azakhali?"

"Bweretsa kuno. Pali anthu ena angokhala ngati mabelo."

Anamutenga mwanayo, molunjika kuchigafa, n'kumutula pamiyendo pa ababa.

"Achimwene, gwirani mkazi wanu wamng'onoyu." Kwathu agogo aamuna amatchula mdzukulu wamkazi choncho mocheza.

"Iwe, manja anga!"

"Manja omwewo analera bambo wake. Anathimbirira?"

Anthu anaseka, azakhali n'kubwerera m'bwalo osacheuka.

Poyamba ndinkangosuntha mapazi, maso pansi. Koma kutsogolo kwanga kunali amayi, ndipo ndinali ndisanawaonepo akutyola chiuno chotero. Ndinaseka. Msuweni wanga anandigunda ndi phewa, ine n'kumubwezera. Nyimbo ndinapeza kuti ndikuidziwa, ndipo mawu anga anatuluka osandipempha. Fumbi linakwera, thukuta linatsika, za foni ndinaiwala.

Bwalo likuzungulira, linandifikitsa moyang'anana ndi chigafa. Ababa anali atamugoneka mwana pamikono, zikhatho atazitambasulira kunja kuti zisakhudze diresi, mmene amanyamulira fodya wouma kuti asafumbutuke. Koma mwanayo anali atagwira chala chawo chakuda chija ndi kadzanja kake konse, akuchikokera kukamwa. Ababa anali akuseka, mano onse panja.

"Mayi, ndisiyeni chala. N'chowawa chimenecho, mulira."

Sanandione. Ndinasolola foni, n'kudina kamodzi mapazi akuvinabe, n'kuibwezera m'chiuno. Msuweni wanga anali akundikankha kale kuti ndisadule mzere.

Chithunzicho chinapendekeka. Pakona pali chigongono cha azakhali, pamwamba masamba a fodya akulendewera. Dzuwa litapendeka ndinapita kumsewu komwe netiweki imagwira, n'kutumiza zonse. Achimwene anaimba nthawi yomweyo.

"Manja a ababa awo," anatero. "Fungo la fodya ndalimva kuno."

Ndinamva akumina.

"Nanga iwe uli kuti? Sindikukuona paliponse."

"Ndimavina."

"Iweyo? Kuvina? Wosalankhula uja?"

"Funsani azakhali."

Anaseka mpaka foni inazima yokha.

M'mawa mwake tikuchapa ndi alamu anga, tinapeza kabanga kofiirira pakhosi pa diresi lija, pomwe mwana anapukutira kadzanja kake. Ndinatenga sopo. Alamu anandigwira mkono.

"Kasiye. Bambo wake akadzabwera adzakaone."

"Nanga ababa akakaona?"

"Usawauze. Angakanenso kumunyamula."

Sindinawauze. Masana omwewo ndinawapeza kuchigafa, mwana ali pamiyendo, akumuonetsa masamba.