Kangalande ka a Laisoni

A Laisoni adabwera kudzakhala chikamwini kufupi ndi Golomoti ali ndi khasu limodzi ndi wayilesi yopanda mabatire. Zaka makumi atatu adalima munda wa akazi awo, a Kadzuwa, m'mbali mwa mtsinje wotsika kumapiri a Dedza. Paja amati mkamwini asamakule mwendo, ndiye iwo pakamwa padali polemera, ntchito ndiyo inkawalankhulira.

Mtsinjewo ankaudziwa, kapena tinene kuti ankadziyesa oudziwa. Chaka ndi chaka unkakokolola mchenga kumapiri n'kumauunjika m'njira yake yomwe, mpaka madzi adayamba kuyenda pamtunda, minda ili m'munsi. Aliyense ankaona, koma poti udali usanaphulikirepo mbali imeneyo, anthu ankangoti ndi mmene ulili.

Chaka china cha njala, mu Okutobala, chimanga cha kudimba chitayamba kufota, a Laisoni adaboola gombe. Kangalande kake kadali kongokwana khasu. Madzi adatsika okha, chimanga chidadzuka, kwawo adadya mondokwa anzawo akuwiritsa mango osakhwima. Mvula itayandikira adatseka pobowoka paja ndi matumba atatu a mchenga, mtima n'kukhala pansi.

Mu Januwale mvula idagwa kumapiri, kuchigwa dzuwa likuswa mtengo. Madzi adafika masana ali ofiira, adakankha matumba aja n'kulowa. Gombe lidayamba kugumuka, ndipo likagumuka madzi ankachuluka, madzi akachuluka linkagumukanso. Pofika madzulo mtsinje wonse udali utasiya njira yake yakale, ukudutsa m'munda wa a Kadzuwa, wa mchimwene wawo a Richard, ndi ya mabanja ena asanu. Madzi ataphwera, m'mindamo mudatsala mchenga wofika m'chiuno.

Milungu iwiri a Laisoni, ndi imvi zawo, adalimbana ndi mtsinje okhaokha, kukhoma zikhomo, kuunjika nthambi, m'mawa n'kupeza zonse zitapita. Mantha adawagwira zedi. Ankadziwa kuti eni nthaka akhoza kuwathamangitsa, chonsecho kwawo ku Ntcheu kudalibenso wowadziwa.

A Richard adawapeza a Laisoni ali m'madzi, chikhomo paphewa.

"Alamu, tulukani. Abale adakumana dzulo. Akuti muzipita kwanu."

"Kwathu kuti, alamu? Ndipatseni mwezi umodzi wokha, ndiubweza mtsinjewu."

A Richard adayang'ana kumbali.

"Achemwali akumangirani kale katundu."