Nsanjika Zisanu Zimene Ndinamaliza ndi Liwu Limodzi

Ndiyambe ndi mboni, poti anthu amati ndimakokomeza. Yoyamba ndi a Gift a ku Mulanje, opaka penti, amene ankagona bedi lapamwamba pa langa ku Sonapur, kumsasa wa ife antchito obwera m'dziko la Aarabu. Yachiwiri ndi Daliso wa ku Chipata, mlonda wa pageti. Yachitatu ndi mawondo angawa. Afunseni, amayankha okha ndikamadzuka pampando.

Ntchito inabwera kudzera mwa mlongo wanga, amene ankalera ana kwa bwana wina wa zomangamanga. Anawauza kuti ndimadziwa kompyuta. Sananame, poyatsira ndinkapadziwa. Kampani inkakonzanso nyumba yosanja ku Marina, ndipo anandiika ukalaliki wotsata mmene ntchito ikuyendera.

Lachinayi lililonse ndinkalemba kuti gawo lililonse lafika peresenti yanji: matailosi, mawaya, penti. Kompyuta inkasandutsa peresentiyo kukhala ndalama, n'kuiyerekeza ndi zinthu ziwiri, ntchito imene inayenera kukhala itatha pofika tsikulo, ndi ndalama zimene tagwiritsa kale. Ikagawa manambalawo, yankho likaposa wani, zili bwino. Likatsika, abwana amasiya moni. Lipotili ndi limene mwini nyumba ankaona polipira kampani, ndipo kampani ikalandira, ifenso tinkalandira.

Chiarabu anandiphunzitsa ndi a Gift, ulendo umodzi wa m'basi. "Yalla ndi tiyeni. Shukran ndi zikomo. Habibi ndi bwanawe. Khalas ndi zatha. Mwamaliza sukulu, achimwene."

Maperesenti ndinkawatenga kwa kapitawo Hamid, munthu amene ndikukhulupirira anabadwa foni ili kukhutu. Ndikafunsa za matailosi pansanjika ya 12, ankakupiza dzanja. "Khalas, habibi, khalas!" Ine 100. Nanga mawaya? "Khalas!" Ine 100. Pa milungu itatu ndinamaliza nsanjika zisanu ndi chala chimodzi, thukuta osatuluka. Ntchito yambiri, ndalama zochepa, yankho m'mwamba. Abwana anandigulira tiyi, mpaka anafunsa moyo wa makolo kumudzi. Ndikulumbira, ngakhale makina osindikiza anasiya kutafuna mapepala anga.

Kenako mwini nyumba, asanalipire, anatumiza injiniya wake, mayi wamfupi wosaseka, lipoti langa kumanja, tepi yoyezera kumanzere. Lifiti itatseguka pa 12 tinapeza simenti yokhayokha, mawaya ali lendelende, ndi nkhunda imene inatiyang'ana ngati talowa popanda odi. Matailosi analipo ndithu. M'makatoni.

"Iyi ndi 100?" anafunsa mayiyo.

Abwana anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kapitawo. "Paja munati khalas."

"Ndinati khalas, undisiye! Umandifunsa ndili pafoni!"

Apo m'pamene ndinazindikira kuti khalas ali ngati "basi" wathu uja. Pali basi wakuti ntchito yatha, pali basi wakuti ndatopa nawe. Ine, munthu woleredwa ndi mayi odziwa basi wachiwiriyo, ndinalephera kumumva chifukwa chakuti anavala Chiarabu.

Mayiyo anabweza lipoti lonse. Ndalama za kampani zinaima, malipiro athu nawonso anaima. Abwana sanakuwe. Anangoti, "Ukayeze wekha, chipinda ndi chipinda. Ukalakwanso, tikiti yakwanu."

Lifiti inali itaperekedwa kwa onyamula katundu, poti tsopano aliyense ankathamangira kugwira ntchito imene ine ndinali nditamaliza kale. Ndinakwera masitepe. Ndinkayeza mamita a matailosi oikidwa, n'kuyerekeza ndi a papulani, n'kujambula chithunzi, kapitawo n'kusainira. Masitepe a nyumba imeneyo amaswana, lero makumi awiri, mawa makumi atatu. Pageti Daliso ankandilandira ndi sailuti. "Bwanji ba Khalas, mwasiliza zingati lelo?" M'basi, mpando wa pambali panga unkayenda wopanda munthu kuchoka ku Marina mpaka ku Sonapur. A Gift, mphunzitsi wanga, nawonso anali osalandira, ndipo ankauza anthu kuti sitidziwana, tinangokumana pabedi.

Lipoti latsopano linatuluka lonyasa. Tinali m'mbuyo, yankho pansi pa wani, moni wa abwana n'kutha. Koma mayi uja anayenda nalo zipinda zitatu, anayeza, n'kusaina.

Kuyambira pamenepo peresenti sindiifunsa, ndimaiyeza. Munthu akandiuza kuti zatha, kaya m'chilankhulo chanji, ndimangoti tiyeni tikaone.

Patapita milungu ina, tili m'basi pobwerera, mafoni onse analira pamodzi ngati achule mvula itagwa. A Gift anasamuka kumene anakhala n'kudzakhala pambali panga.

"Achimwene, kwanuko ndalama yalowa?"

"Khalas," ndinatero.

"Khalas wake uti?"

Ndinawapatsa foni kuti awerenge okha.