Kaboti kanu kofiira kabwera

Bambo a Tadala, foni yanu yalira m'mawa uno ili m'dirowa. Chimwalirireni inu ndimaitchajabe, musandifunse chifukwa. Ndi apu ija munaikamo yokuuzani za matagi, timaboti tija timakoka ndi kukankha sitima zikuluzikulu padoko. Yati kaboti kofiira kaja kalowa padoko la ku Hull. Ndangokhala pansi m'khitchini muno, yunifomu ili m'thupi, basi ya kuntchito mpaka kundisiya.

Mukukumbukira tsiku lija tinanyamuka kuno ku Wigston, kopanda ndi nyanja komwe, mtunda wonse uja mpaka ku Hull chifukwa chofuna kujambula kaboti kameneka? Kunali chimphepo chozizira, ine ndinakana kutsika m'galimoto. Ndinatsitsa windo n'kukuwa kuti, "Anzanu akujambula chisitimacho, inu mwalimbana ndi kamwana!" Munatembenuka mukuseka, mphuno ikuchucha, n'kunena kuti, "Mayi a Tadala, chisitimacho pachokha sichingakhote." Pomwe munkandiyankha ine, kaboti kanalowa kuseri kwa sitima, chithunzi osatheka. Simunakwiye. Munangomwa tiyi wanga n'kuti tidzabweranso kukadzafunda.

Kwafunda, bambo, ndipo kabwera. Kamera yanu ili pamwamba pa wadiropu, sindidziwa ndi podina pomwe. Galimoto ili panjapo matayala akuphwa, ine laisensi ndilibe, paja munkati muzindiperekeza nokha kulikonse. Mwana wanu Tadala akuti ndingoidilita apuyo, ikundidwalitsa. Foni ndaigwira m'manja muno, koma chala chikukana. Ndiuzeni inu, ikaliranso mawa nditani?