Denga la Apongozi

Inu amene thupi lanu lomwe likuoneka ngati lakuukirani, imvani za Kalisto.

M'chilimwe cha 1958, Kalisto anapeza mphasa yake itapindidwa pamodzi ndi bulangete, zili pakhonde. Anali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika, ndipo tanthauzo lake analidziwa: azipita kwawo, asiye mkazi wake Norah ndi khanda lawo.

Mlandu unali denga. Apongozi ake anafuna awafolerere nyumba mvula isanagwe, koma iye akangogwira udzu wouma, chifuwa chinkathina n'kumalira ngati kamwana ka mphaka. Akatsika n'kukhala pamthunzi, pakapita nthawi ali bwinobwino. Matenda anji odziwa nthawi ya ntchito? Mwiniwakeyo anayamba kudzikayikira kuti mwina ndi ulesidi.

Kalisto anapempha apongozi akewo kuti amulezere mtima, nayenda wapansi kupita kuchipatala cha mishoni, mtima uli pa jekeseni. Namwino wakumeneko, Sisitala Ursula, anati ndi mphumu, ndipo choiutsa ndi fumbi. Anam'patsa timapiritsi tomwa zikavuta, kenaka anamukhazika pabenchi.

"Weramani, zigongono pamaondo. Kokani mpweya ndi mphuno, mimba ifufume. Tulutsani pang'onopang'ono ngati mukuuzira phala la mwana."

"Amayi, nanga jekeseni?"

"Palibe. Muzichita zimenezi tsiku lililonse."

Anabwerera mutu utaima. Munthu wandevu, ulendo wonsewo, kukaphunzitsidwa kukoka mpweya! Komabe ankachita, mobisala kuseri kwa nkhokwe, osadziwa ngati akuchira kapena akupusitsidwa. Azilamu ake atam'tulukira ankangoti, "Alamu, phalalo silinapolebe?"

Tsiku lina Norah anawaza madzi pamitolo ya udzu kuti fumbi lisabuke, Kalisto anamanga nsalu yonyowa pamphuno nakwera padenga. Chifuwa chinabwera ndithu, mantha nawonso. Koma sanatsike. Anakhala pamtanda wa dengalo, nawerama, nauzira phala lake losaonekalo mpaka mpweya unabwerera. Kenaka anaitanitsa mtolo wina.

Ntchito inayenda mwapang'onopang'ono, mitambo ikuda. Mvula yoyamba itakhuthuka, m'nyumbamo simunadonthe paliponse. Apongozi aja, amene mwamwambo sankayang'anana naye, analankhula atafulatira.

"Iwe Norah, mphasa ya abambowa ikunyowa pakhondepo. Kalowetse."

Mphumu sinathe, ndipo Kalisto sanamvetsebe mmene kuuzira chabe kunam'pulumutsira banja. Inunso simuyenera kumvetsa zonse kuti muyambe. Chaching'ono chimene achipatala akuphunzitsanicho chichiteni lero, mawa muchichitenso, oseka aseke. Musataye mtima.